Bokosi la Mtengo wa Gofere

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo ankandimanga kansalu m'maso n'kundiyandikizira utuchi kumphuno. "Ndi mtengo wanji uwu?" Ndikati paini, ankandipatsa wina. Ndikaphonya mbawa, ankandikoka khutu, koma osati mopweteka. Anali kalipentala, ndipo anali ndi lamulo lomwe sindinalionepo kwa mmisiri wina aliyense: sankaika macheka pa thabwa lomwe sakulidziwa dzina. Akamaliza tebulo kapena mpando, ankautembenuza n'kulemba kunsi kwake ndi pensulo dzina la mtengo ndi tsiku. Ankati amene adzaukonze iwo atapita asadzavutike ndi kulota.

N'chifukwa chake pa mitanda ya denga la shopu yawo panali matabwa asanu ndi atatu omwe sanakhudzidwepo. Anawatola pomwe anthu ankagumula nyumba yakale yosungiramo katundu kufupi ndi njanji. Anali olemera, oderapo ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo chiswe chinkawalambalala. Amisiri anzawo ananunkhiza, ena mpaka kunyambita, koma palibe anatchula dzina. Bambo ankangowatcha alendo.

Lamulungu lina abusa, powerenga za chingalawa cha Nowa, ananena modutsa kuti m'Chihebri mtengo wake umatchedwa gofere. Ulaliki wotsalawo bambo sanaumve. Pobwerera kunyumba anati, "Miyeso yonse Mulungu anapereka, m'litali, m'lifupi, msinkhu, ngakhale poika khomo. Ameneyu ndi mwini ntchito wodziwa chomwe akufuna. Nanga mtengowo ndi uti?"

Patapita zaka zambiri, amayi atamwalira kale, ndinapeza mwayi wokaphunzira Chihebri kunja. Pa depoti mchemwali wanga ankalira. Bambo anangondigwira paphewa. "Ukandifunsire za mtengo uja." Ndinaseka, poyesa kuti ndi nthabwala yotsanzikira.

Makalata otsatirawa ndi a chaka changa chachisanu kumeneko.

6 Febuluwale

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Ife kuno tilipo. Denga la shopu likudontha pamalo pomwe paja. Ndalemba ndekha, ndiye ukaona zilembo zikuvina usadabwe, pensulo yafupika.

Funso langa ndi lomwe lija. Zaka zisanu zakwana. Gofere ndi mtengo wanji? Ngati umamera kuno, undiuze dzina lomwe ogulitsa matabwa angalimve. Ngati sumera kuno, undiuze m'bale wake wapafupi. Ndili ndi ntchito imodzi yomwe ikufuna mtengo umenewu. Usachedwe kuyankha.

Akuti kumeneko kumazizira. Uzivala jekete.

Ndine bambo ako.

3 Malichi

Chemwali,

Muli bwanji nonse? Makina ako osokera aja anasiya kudula ulusi? Undiuze za alamu ndi ana.

Kalata ya bambo ndinalandira. Yakhala pa tebulo langa masabata awiri, kapu itaipondereza. Uwauze kuti ndikufufuza. Usawonjezerepo kanthu.

Kwa iwe ndinena zoona. Liwu limeneli ndinalifufuza mwezi wanga woyamba kuno, ndisanadziwe n'komwe kogula buledi. Limapezeka kamodzi kokha m'Malemba onse, pa nkhani ya Nowa pomwepo, basi. Liwu lili ngati munthu: ukakumana nalo apa, n'kukumana nalonso apo, umayamba kudziwa khalidwe lake. Ili linabwera kamodzi, silinabwerenso. Ndilibe yankho loti ndingaike pa benchi ya bambo iwo n'kuligogoda n'kuvomera.

Ndikuganiza kuti akufuna kuona ngati zaka zisanuzi zabala kanthu. Anzanga a kusekondale ali ndi makomo awo. Ine ndimakhala m'chipinda chapansi cha laibulale, mopanda zenera, kuwerenga zilembo za anthu omwe anafa kalekale, ndipo masiku ena ndimadzifunsa ngati sindinakwere basi yolakwika. Bambo ananditumako chinthu chimodzi chokha. Ndiwauza bwanji kuti ndili chimanjamanja?

Ndipatseni nthawi pang'ono.

Mlongo wako.

24 Malichi

Achimwene Apulofesa,

Tili bwino. Makina akusoka, ana akudya ngati dzombe, alamu anu akupereka moni. Zamoni zathera pomwepa.

Mwati bambo akukulembetsani mayeso? Inutu sukulu yakulowani mpaka m'mafupa, aliyense mukumuona ngati wagwira cholembera chofiira. Pensulo sinafupike ayi. Ndi manja. Anayamba kunjenjemera chaka chatha, ndipo anandiletsa kukuuzani. Adokotala sanatibisire. Akuti matendawa sabwerera m'mbuyo, ndipo mtima nawonso watopa.

Lachiwiri ndinalowa m'shopu kukatenga sizasi yanga. Ndinawapeza atagona chagada pa benchi, nsapato atavula, akulemba kamzere ndi pensulo chakumutu. Chakumapazi anali atalemba kale. Ndinati, "Bambo, mukutani?" Iwo, "Ndikuyeza kasitomala." Ndinatuluka n'kukalirira kuseri kwa thanki ya madzi.

Ntchito ija ndi bokosi lawo la maliro. Akuti zaka makumi anayi akhala akuseka mabokosi a m'mbali mwa msewu wa kuchipatala, omata ming'alu ndi utuchi wosakaniza guluu, ndiye sangakagone m'ntchito ya munthu wina. Akuti Nowa analowa m'bokosi n'kutulukamo wamoyo, iwonso akufuna mtengo womwewo. Ndinawauza kuti zimenezi n'zoitana tsoka. Anandiyankha kuti telala akadzisokera diresi sikuti waitana ukwati.

Sagula thabwa ngakhale limodzi mpaka inu mutayankha. Mukuwadziwa. Ndipo zoti mulibe yankho, ine sindikanena. Mtolo umenewo ngwanu, musenze nokha.

Mlongo wanu.

29 Epulo

Okondedwa Bambo,

Ndikupereka moni mwaulemu. Pepani ndachedwa, ntchito inachuluka.

Gofere ndi mkungudza. Akatswiri ambiri amatero. Ndi mtengo wosawola msanga, wonunkhira bwino, ndipo anthu akale ankapangira zombo. Muupeza kwa ogulitsa matabwa akuluakulu. Koma musafulumire, Bambo. Muwasiye matabwawo aume bwinobwino.

Mwana wanu.

20 Meyi

Mwana wanga,

Akulemba ndi mlongo wako, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asakometsere.

Kalata yako yafika. Ndinamuuza aiwerenge kawiri. Kenako ndinapita nayo kwa abusa atsopanowa, omwe anaphunzirako Chihebri pang'ono. Ndinawafunsa kuti, nyumba ija Solomo anamangira Mulungu, si ya mkungudza? Anati inde. Ndinati, pamenepo analemba gofere? Anatsegula buku lawo lija loyambira kumbuyo, anayendetsa chala, anati ayi, mkungudza uli ndi dzina lakelake, ndipo limapezeka malo ambiri. Ndiye ndikufunse iwe wophunzira: mwini ntchito amene amatha kunena mkungudza, akanalekeranji kunena mkungudza kwa Nowa?

Ine ndagula matabwa moyo wanga wonse. Wogulitsa akatchula dzina la mtengo mofulumira, maso ali kumbali, ndimadziwa kuti thabwalo ndi laliwisi m'kati. Kalata yako ndi yaifupi ngati chikhatho. Iwe uli mwana, ukadziwa chinthu sunkasiya kulankhula mpaka chakudya kuzizira.

Sindinatume kandimverere wokanena za m'maluwa. Ndikudikirabe.

Bambo ako.

Achimwene, tsopano ndine. Ndawerenga bodza lanu mokweza kawiri konse, nkhope ili gwa ngati sindikudziwa kanthu. Musadzandichititsenso zimenezo.

26 Juni

Achimwene,

Moni, ngati mukadali moyo. Mwezi wathunthu ndakhala ndikupita ku positi Lolemba ndi Lachisanu, mpaka mayi wa pa kauntala amangopukusa mutu ndisanafike n'komwe.

Sabata yatha bambo anafuna kupala mwendo wa mpando wa mayi wina wa kutchalitchi. Puleni inawapulumuka, inagwa pa simenti, mpeni wake n'kubenthuka. Anaitola, anaipukuta, anaiika pa shelefu, n'kukhoma shopu dzuwa likuswa mtengo. Kuyambira tsiku limenelo sanatsegulenso. Kapu ya tiyi ndimawagwirira ine.

Mu Febuluwale akanatha kulipanga bokosi lija okha. Mu Epulo mwina. Pano ayi. Sindikulemba izi kuti ndikulaseni, komanso sindibisa kuti ndakwiya.

Madzulo amakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Za inu satchula. Amangofunsa kuti, "Kodi lero si Lachisanu?"

Mlongo wanu.

14 Julaye

Bambo,

Ndikupereka moni, ngakhale sindikudziwa ngati ndikuyenera kutero. Kalata iyi ndaiyamba kasanu.

Ndinakunamizani. Sindidziwa kuti gofere ndi mtengo wanji. Aphunzitsi anga, omwe imvi zawamerera pa Chihebri, sadziwa. Ndinawafunsa chaka changa choyamba, iwo anangotambasula manja. Palibe munthu wamoyo amene akudziwa motsimikiza.

Zomwe ndikudziwa ndi izi, ndipo ndizilemba zonse, ngakhale chakudya chizizire.

Liwuli lili pa malo amodzi okha m'Malemba, ndiye palibe pena poti tingaliyerekezere. Anthu oyamba kumasulira Malemba m'Chigiriki, zaka zoposa zikwi ziwiri zapitazo, atafika pamenepa sanalembe dzina la mtengo uliwonse. Analemba kuti matabwa a ngodya zinayi, ngati oongoledwa mbali zonse. Amene anadzamasulira m'Chilatini patapita zaka mazana angapo analemba kuti matabwa opalidwa. Ena omasulira m'Chiaramu, chinenero chapachibale ndi Chihebri, ndi omwe anati mkungudza, ndipo ine ndinakabisala kumbuyo kwawo. Ambiri masiku ano amati ndi mtengo wina wobiriwira chaka chonse, wofananako ndi mkungudza, mwa zina chifukwa dzina lake m'Chigiriki limamveka moyandikira gofere. Koma nawonso uli ndi dzina lakelake m'Chihebri, ndiye funso lanu lija likuwagwiranso. Ena amati liwuli ndi pachibale ndi la phula lomwe Nowa anamatira chingalawa, kapena la sulufule, kutanthauza mtengo wa utomoni wambiri. Ena amati linabwerekedwa kwa anthu a ku mitsinje ikuluikulu ya kum'mawa, omwe ankamanga ndi bango. Aliyense ali ndi kachifukwa kake. Palibe amene ali ndi umboni wotseka anzake pakamwa. Omasulira ena anagonja n'kungolisiya gofere momwemo, ndipo ena anasankha mtengo womwe anthu awo akuudziwa.

Ndiye kumene linachokera sikudziwika, ndipo chimene limatanthauza sichidziwika. Ine ndimaganiza kuti amene analemba ankaudziwa mtengowo monga inu mumadziwira paini, moti sanaone chifukwa chofotokozera. Dzina analemba, monga mumachitira kunsi kwa mpando. Koma anthu odziwa fungo lake anatha, dzina n'kutsala lokha.

Tsopano za kuchedwa. Poyamba anali manyazi. Ndinkayesa kuti mukufuna kuona ngati mwana wanu anaphunziradi. Chemwali atandiuza za mizere ija ya pa benchi, ndinayamba kuganiza zopusa: ndinati funso likakhala losayankhidwa, bokosi silipangidwa, ndipo bokosi likapanda kupangidwa, inu mulipo. Kenako ndinaopa kuti mupita mukudikira, ndiye ndinakuponyerani mkungudza kuti mtima wanga upume. Mutandigwira, ndinasowa kolowa, ndinangokhala chete.

Pakati pa mantha onsewa ndakudyerani miyezi isanu, ndipo inali miyezi yomaliza ya manja anu. Zinenero zomwe ndaphunzira sizikundipatsa mawu opepesera chinthu chotere. Munandiphunzitsa kusaika macheka pa chomwe sindikuchidziwa. Ine ndinadula, n'kulembapo dzina labodza.

Ndikhululukireni ngati mungathe.

Mwana wanu.

4 Ogasiti

Mwana wanga,

Akulemba ndi mlongo wako, ndipo akulira, ndiye inki ikafalikira mlandu ngwake.

Iyi ndiye kalata. Masamba anayi. Waiwerenga katatu mpaka mawu kusasa.

Agiriki ako aja ndi Mlatini uja ndawakonda. Mtengo sanaudziwe, koma anadziwa kuti usanapange kanthu uyenera kuongola ndi kupala. Anthu amenewo anaimapo m'shopu.

Zaka zonsezi ndinkati Mulungu sangapatse mmisiri thabwa losadziwika. Tsopano iwe ukuti dzina lilipo, mtengo wake unaiwalika, koma chingalawa chinayandama ndithu. Ndagona nazo masiku atatu. Dzulo ndauza alamu ako akwere pa makwerero atsitse alendo aja. Fumbi lokhalokha, mpaka anayetsemula ngati mbuzi. Koma chiswe sichinalawe ngakhale pangodya. Onse asanu ndi atatu ali bwinobwino. Ndayeza ndi maso. Akwana, n'kutsala kachidutswa.

Sindikunena kuti ndi gofere. Ine sindidziwa, iwe sudziwa, aphunzitsi ako sadziwa, ndiye tili gulu labwino. Koma ngati pali mtengo womwe ndingagonemo popanda kunama, ndi umenewu.

Za manja usadzizunze nazo kwambiri. Pang'ono pokha, chifukwa unalakwadi. Manja ena ndinasungitsa kwa iwe uli ndi zaka zisanu ndi zinayi. Puleni ndanoletsa. Bwera udzapale. Ine ndidzakhala pampando, kukukalipira ukamakhotetsa.

Usayankhe kalata iyi. Ingobwera.

Bambo ako.

Ndinafika kumapeto kwa Ogasiti. Ndinawapeza pakhonde, atachepa thupi moti jekete linkaoneka ngati lobwereka. Sanadzuke. Anayang'ana nsapato zanga n'kunena kuti m'shopu sindilowa nazo zimenezo.

Tinagwira ntchito masiku khumi ndi awiri, m'mawa mokha, chifukwa pofika masana ankatopa. Matuza ananditulukira tsiku loyamba lomwe. Chemwali, ali pa makina ake pakhomo la shopu, anati, "Manja a Chihebri amenewo, Bambo, muwakhululukire." Bambo sanaseke. "Ukukankha ngati ukuthamangitsa nkhuku. Tsamira kutsogolo. Mvera thabwa likufuna kupita kuti."

Puleni itadutsa koyamba pa mlendo, m'kati munaoneka mofiirira, ndipo shopu yonse inadzaza fungo lomwe sindinalimvepo. Ndinatapa utuchi n'kuwayandikizira bambo kumphuno. Anatseka maso nthawi yaitali.

"Ayi," anatero. "Sindikumudziwabe."

Misomali anaikana. M'ngodya tinasema mano olumana, ndipo mbali imodzi anandibwerezetsa kawiri chifukwa kampata kankaloleza kuwala. Tsiku lomaliza alamu anandithandiza kutembenuza bokosilo pa benchi, pakati pa mizere iwiri ija ya pensulo. Linakwana ndendende. Bambo anayendetsa chikhatho m'mbali mwake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sananene kuti lili bwino. Anangoloza pensulo.

"Ndilembe chiyani, Bambo?"

"Tsiku."

Ndinalemba tsiku. Ndinadikira, pensulo ili m'mwamba. "Nanga dzina la mtengo?"

Bambo anapisa m'thumba la m'kati mwa jekete n'kutulutsa kalata yanga ya mu Julaye, masamba onse anayi, m'mphepete mutada ndi kugwiridwa. Anawayala pa bondo n'kuyamba kupinda. Mapepala ankathawa m'zala zawo. Ine ndi chemwali tinayang'anizana, koma palibe anayerekeza kuwathandiza. Anapinda kamodzi, n'kulinganiza ngodya ndi ngodya mpaka zitakumana. Anapindanso, n'kutsindika mzerewo ndi chikhadabo.

"Dzina lake silingakwane pa thabwa," anatero. Anatembenukira kwa chemwali. "Tsikulo likadzafika, udzaike iyi m'katimo, chakumutu."

Chemwali anaimitsa makina, anapukuta manja pa diresi, anagwada, n'kulandira ndi manja awiri.